José Raúl Capablanca: Mwana wa ku Havana Amene Anaphunzira Tchesi Poonerera

Sabata ino tiwerenga mbiri ya munthu wa ku Cuba, dziko la pachilumba lomwe lili kum'mwera kwa United States. Dzina lake ndi José Raúl Capablanca. Anamwalira kalekale, agogo athu ambiri asanabadwe, koma mpaka lero osewera tchesi amatsegula mabuku n'kumaphunzira mmene iye ankasewerera. Muwerenge mokweza, mosinthanasinthana, ndipo mawu amene akukuvutani muwadule mzere kunsi.

Kwa inu amene simunasewerepo tchesi, tiyambe ndi izi. Ndi masewera a anthu awiri, monga bawo, koma m'malo mwa maenje pamakhala bolodi ya tizipinda 64, toyera ndi takuda. Aliyense amayamba ndi ankhondo 16: mfumu, mfumukazi, nsanja ziwiri, mabishopu awiri, mahatchi awiri ndi asilikali 8. Cholinga ndi kupanikiza mfumu ya mnzako mpaka isowe kothawira. Zikakanika mbali zonse ziwiri, timati osewerawo afanana mphamvu.

Mwana woonerera

Capablanca anabadwa pa 19 Novembala 1888 mumzinda wa Havana. Nthawi imeneyo dziko la Cuba linkalamulidwa ndi Spain, ndipo bambo ake, a José María Capablanca, anali mkulu wa asilikali m'gulu lankhondo la Spain. Bambowo ankakonda kusewera tchesi ndi mnzawo wina. Kamnyamata ka zaka zinayi kankangokhala pambali phee, maso ali pabolodi. Palibe amene anakaphunzitsa, ndipo palibe amene ankaganiza kuti kakutolapo kanthu.

Malinga ndi mmene iye mwini anafotokozera atakula, tsiku lina bambo ake anasuntha hatchi molakwika. Hatchi imalumpha tizipinda tiwiri molunjika, kenako kamodzi kumbali. Choncho ikachoka pakachipinda koyera imatera pakakuda, ikachoka pakakuda imatera pakoyera. Koma hatchi ya bambowo inachoka poyera n'kuteranso poyera. Mnzawo uja sanaone, ndipo bambowo anapambana. Mwana anaseka n'kuwauza kuti abera.

Tangoganizani inuyo kuuza bambo anu pamaso pa mlendo kuti abera! Bambowo anayamba apsa mtima, kenako anafuna kuona ngati mwanayo akudziwadi zimene akunena. Anakonza bolodi, n'kukhala pansi awiriwo. Mwana wa zaka zinayi uja anawagonjetsa bambo ake.

Atafika zaka 8 anapita naye ku Havana Chess Club, kumene kunkasonkhana akatswiri a mumzindawo. Komabe dokotala analangiza makolo kuti asamamulole kusewera kawirikawiri, poopa kumutopetsa mutu akadali wamng'ono. Ngakhale zinali choncho, kumapeto kwa 1901 anakumana ndi Juan Corzo, katswiri wa dziko la Cuba. Capablanca anagonja magemu awiri oyamba, koma sanataye mtima. Mpikisano pomatha anali atapambana magemu 4, kugonja 3, ndi kufanana mphamvu 6. Anali atangokwanitsa kumene zaka 13. Si kuti kuyambira pamenepo zonse zinangoyenda myaa ayi. Chaka chotsatira, pampikisano wa dziko lonse la Cuba, anakhala wachinayi mwa anthu 6, ndipo Corzo yemwe uja anamugonjetsa kawiri.

Kudziko la eni

Ali mnyamata, Capablanca anatumizidwa ku United States kuti akaphunzire Chingerezi ndi kupitiriza sukulu. Ambiri a inu mukudziwa mmene zimakhalira: kunyumba chilankhulo china, kusukulu china, nyengo yozizira yomwe makolo ako sanakuliremo. Iye kwawo ankalankhula Chisipanishi, koma anazolowera moyo wa ku New York mpaka analowa pa Columbia University kukaphunzira uinjiniya. Ankakondanso baseball, ndipo ankasewera m'timu ya ophunzira a chaka choyamba.

Koma mtima wake unali ku Manhattan Chess Club. Kumeneko anthu anadabwa ndi liwiro lake. Pamene ena ankagwira mutu kuganiza kwa mphindi zambiri, iye ankangoyang'ana kamodzi n'kusuntha, ndipo nthawi zambiri kusunthako kunkakhala kolondola. Mapeto ake anasiya yunivesite osamaliza, n'kudzipereka ku tchesi.

Mu 1909 anayendera mizinda 27 ya ku United States, akusewera ndi anthu ambiri nthawi imodzi. Zimatheka chonchi: anthu amakhala pamzere, aliyense ndi bolodi yake, ndipo katswiri amayenda kuchoka pabolodi ina kupita pa ina, kusuntha kamodzi paliponse, mpaka magemu onse atatha. Chaka chomwecho anakumana ndi Frank Marshall, yemwe anali wosewera wamphamvu kwambiri ku United States. Capablanca anapambana magemu 8, anagonja imodzi yokha, ndipo 14 anafanana mphamvu. Anali ndi zaka 20.

Marshall sanasunge chakukhosi. Ndiye amene anaumirira kuti mnyamatayu aitanidwe ku mpikisano waukulu wa mu 1911 ku San Sebastián, m'dziko la Spain. Akatswiri ena a ku Ulaya, makamaka Ossip Bernstein ndi Aron Nimzowitsch, anadandaula kuti mnyamata wa ku Cuba ameneyu alibe mbiri yokwanira kukhala pakati pawo. Ndiye zinangochitika kuti pagemu yoyamba penipeni Capablanca anakumana ndi Bernstein yemweyo. Anamugonjetsa mochititsa kaso, moti gemuyo inalandira mphotho ya gemu yokongola koposa. Nimzowitsch nayenso anagonja. Pamapeto Capablanca ndiye anakhala woyamba, atagonja kamodzi kokha kwa Akiba Rubinstein.

Zaka khumi zodikira

Katswiri wa dziko lonse lapansi nthawi imeneyo anali Emanuel Lasker wa ku Germany, munthu wophunzira kwambiri masamu, yemwe anatenga ulemuwo mu 1894. Masiku amenewo katswiri ndiye ankasankha yekha woti apikisane naye, ndiponso ankaika yekha malamulo. Capablanca atapempha mpikisano mu 1911, Lasker anaika mfundo 17. Zina mwa izo Capablanca anazikana, awiriwo anasemphana mawu, ndipo mpikisano sunachitike.

Mu 1913 boma la Cuba linamulemba ntchito ku unduna woona za ubale ndi mayiko ena. Ntchitoyi inamupatsa malipiro okhazikika komanso mpata woyenda m'mayiko, akusewera tchesi ndi kutchukitsa dzina la dziko lake. Chaka chotsatira, ku St. Petersburg m'dziko la Russia, anakumana ndi Lasker pabolodi. Capablanca ndiye ankatsogola, koma chakumapeto Lasker anamugonjetsa n'kumupitirira ndi theka la pointi. Wachitatu pampikisanowo anali mnyamata wina wa ku Russia, Alexander Alekhine. Dzina limeneli mulisunge, tikumana nalonso.

Kenako kunabuka nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo mipikisano ya ku Ulaya inaima. Capablanca anapitiriza kusewera ku America. Mu Febuluwale 1916 anagonja kwa Oscar Chajes ku New York, ndipo kuyambira pamenepo panatha zaka 8 asanagonjenso pampikisano uliwonse. Anasewera magemu 63, kupambana 40 ndi kufanana mphamvu 23. Mu 1918 Marshall anamudzidzimutsa ndi njira yatsopano yoopsa yoyambira gemu, yomwe lero imatchedwa Marshall Attack. Capablanca anadziteteza pompo, osakonzekera, mpaka anapambana. Anthu anayamba kumutcha makina a tchesi.

Kodi chinsinsi chake chinali chiyani? Iye sankakonda chipwirikiti pabolodi. Ankaika wankhondo aliyense pamalo amene angagwire bwino ntchito, n'kupeza kamwayi kakang'ono, mwina msilikali mmodzi yekha woposa mnzake. Akatero ankasinthanitsa ankhondo akuluakulu mpaka pabolodi patatsala ochepa, ndipo kamwayi kaja kankakula mpaka kupambana. Munthu woonerera ankaganiza kuti n'zosavuta, koma akayesa yekha ndi pamene ankazindikira kuti si zamasewera. M'buku lake la mu 1921, Chess Fundamentals, anayamba ndi kuphunzitsa mathero a gemu, pamene pabolodi patsala ankhondo owerengeka. Ankakhulupirira kuti amene wadziwa mathero ndiye amamvetsa kumene akupita. Bukuli likusindikizidwabe mpaka lero.

Ulemu ufika kwawo

Mpikisano wa Lasker ndi Capablanca unachitika ku Havana m'miyezi ya Malichi ndi Epulo 1921. Lasker anali ndi zaka 52, ndipo kutentha kwa ku Cuba kunamusautsa. Capablanca anali ndi zaka 32, akusewera kwawo, pamaso pa anthu ake. Atasewera magemu 14, Lasker anavomera kuti wagonja. Capablanca anali atapambana magemu 4 ndi kufanana mphamvu 10, osagonja ngakhale imodzi. Apo ndiye panathera ufumu wa Lasker wa zaka 27. Capablanca anakhala katswiri wachitatu wa dziko lonse, pambuyo pa Wilhelm Steinitz ndi Lasker. Kumapeto kwa chaka chomwecho anakwatira Gloria Simoni Betancourt, ndipo anabereka ana awiri, mnyamata ndi mtsikana.

Zaka zotsatira zinali zokoma. Mu 1922 ku Cleveland anasewera ndi anthu 103 nthawi imodzi, anapambana 102, ndipo mmodzi yekha ndiye anafanana naye mphamvu. Chaka chomwecho anapambana mpikisano wa ku London. Ali komweko analemba malamulo a mipikisano yolimbirana ukatswiri wa dziko lonse, ndipo akatswiri anzake anasainira. Lamulo lina linali lakuti wopambana ndi amene wayamba kupata magemu 6. Lina linali lakuti wofuna kupikisana ndi katswiri apeze kaye madola 10,000 a mphotho. Zinali ndalama zambiri zedi nthawi imeneyo.

Mu 1924 ku New York, Richard Réti anamugonjetsa, ndipo nkhani inafalikira m'nyuzipepala kuti makina aja agonja. Pampikisanowo woyamba anali Lasker wokalamba uja, Capablanca wachiwiri. Ku Moscow mu 1925 anakhala wachitatu. Zimenezi zikanatha kumutsina khutu, koma kumayambiriro kwa 1927 anapambananso mpikisano wa ku New York osagonja, n'kumusiya Alekhine kutali. Pafupifupi aliyense ankaona kuti palibe angamugwetse.

Buenos Aires, 1927

Alexander Alekhine anabadwira ku Moscow mu 1892. Anachoka ku Russia mu 1921 n'kukakhazikika ku France. Kufikira 1927 anali asanamugonjetsepo Capablanca ngakhale kamodzi. Koma anachita chinthu chimene ena sanachite. Anasonkhanitsa magemu a Capablanca n'kumawapenda mmodzimmodzi, kufunafuna pofooka. Anapeza kuti Capablanca amadalira kwambiri zimene waona poyamba, ndipo nthawi zina safufuza mozama ngati palibe njira ina yabwino koposa. Anaonanso kuti munthu akamupanikiza kwa maola ambiri osamupatsa mpata wopuma, amatha kulakwitsa ngati wina aliyense.

Ndalama zija zinapezeka ku Argentina, ndipo mpikisano unayamba mu Seputembala 1927 mumzinda wa Buenos Aires. Capablanca sanakonzekere mokwanira. Kuyambira ali ndi zaka zinayi maso ake anali asanamunamizepo, ndiye akanavutikiranji? Koma gemu yoyamba yomwe, Alekhine anapambana. Capablanca anabwezera n'kuyamba kutsogola, kenako Alekhine anapambana magemu awiri motsatizana. Kuchokera apo unali mtunda wautali wa magemu ofanana mphamvu, sabata ndi sabata, aliyense akudikira kuti mnzake atope. Amene sanatope anali Alekhine.

Mpikisano unatha kumapeto kwa Novembala, patapita miyezi iwiri ndi theka. Anasewera magemu 34. Alekhine anapambana 6, Capablanca 3, ndipo 25 anafanana mphamvu. Gemu yomaliza inali itaimitsidwa kuti adzaimalize tsiku lina. Capablanca, poona kuti palibe chopulumutsa, anatumiza kalata yovomera kugonja ndi kumufunira zabwino katswiri watsopanoyo. Akuluakulu anati kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa. Alekhine naye anali ndi luso lalikulu, koma chimene chinamupambanitsa ku Buenos Aires chinali khama.

Capablanca anapempha kuti abwerezenso. Alekhine anayankha kuti malamulo ndi omwe aja a ku London: apeze madola 10,000. Lamulo limene Capablanca anaikira anzake linamutembenukira mwini wake. Zokambirana zinatenga zaka, aliyense akuloza chala mnzake, ndipo mavuto a zachuma amene anagwa padziko lonse mu 1929 anachititsa kuti ndalama zivute kwambiri kupeza. Alekhine anasankha kupikisana ndi Efim Bogoljubov kawiri, kenako ndi Max Euwe wa ku Netherlands. Anthu awiri amene kale ankagwirizana anasanduka adani osalankhulana. Mpikisano wobwereza sunachitike konse.

Kudzukanso

Kuyambira 1931 Capablanca anakhala zaka zingapo osaoneka m'mipikisano ikuluikulu, ndipo ena ankati watha basi. Koma anabwerera. Mu 1936, ali ndi zaka 47, anapambana mpikisano wa ku Moscow osagonja gemu iliyonse, patsogolo pa Mikhail Botvinnik, mnyamata amene pambuyo pake anadzakhala katswiri wa dziko lonse. Chaka chomwecho ku Nottingham, ku England, anakhala woyamba limodzi ndi Botvinnik. Kumeneko anakumananso ndi Alekhine pabolodi, koyamba chichokereni ku Buenos Aires, ndipo anamugonjetsa.

Thupi ndilo linayamba kumukana. Anali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi. Pampikisano wa AVRO ku Netherlands mu 1938 anakhala wa nambala 7 mwa anthu 8, zomwe zinali zisanamuchitikirepo. Chaka chimenecho, banja lake loyamba litatha, anakwatira Olga Chagodaev. Mu 1939 anabwerera ku Buenos Aires, mzinda umene anatayirako ulemu wake, ulendo uno akutsogolera timu ya Cuba pampikisano wa mayiko. Analandira mendulo ya golide monga wosewera bwino koposa pabolodi yoyamba.

Madzulo a pa 7 Malichi 1942 anali ku Manhattan Chess Club, akuonerera anzake akusewera, monga mmene ankaonerera bambo ake ali mwana. Mwadzidzidzi anadwala n'kugwa. Anathamangira naye kuchipatala cha Mount Sinai, kumene Lasker anamwalirira chaka chapitacho. Mtsempha wa magazi unali utaphulika muubongo, ndipo anamwalira m'mawa wa pa 8 Malichi ali ndi zaka 53. Ngakhale anakhala zaka zambiri kunja, thupi lake analitengera kwawo. Anaikidwa m'manda a Colón ku Havana, pamaliro amene panasonkhana khamu la anthu. Kuyambira 1962 dziko la Cuba limachititsa mpikisano wa tchesi womukumbukira.

Pa moyo wake wonse ngati munthu wamkulu, magemu a mpikisano amene Capablanca anagonja safika 40. Ndi ochepa kwambiri amene anabadwa ndi luso ngati lake. Komabe ulemu wa dziko lonse anausunga zaka 6 zokha, ndipo anaulandidwa ndi munthu amene anakhala pansi n'kuphunzira. Enanu masamu amakuvutani pang'ono, ena mpira, ena Chichewa chomwechi mumangochimva popanda kuvutika chifukwa amayi amachilankhula kunyumba. Chimene chimabwera mosavuta n'chimene munthu amaiwala kuchisamala.

Mawu oti tiwadziwe

Katswiri: munthu wodziwa kwambiri ntchito kapena masewera ena ake.
Kufanana mphamvu: kutha kwa masewera popanda wopambana kapena wogonja.
Kusunga chakukhosi: kusakhululuka, kukhalabe ndi mkwiyo mumtima.
Kutsina khutu: kuchenjeza munthu zinthu zisanaipe.
Kupenda: kuyang'anitsitsa chinthu mofatsa kuti uchimvetse.
Khama: kulimbikira osatopa.

Mafunso

1. Kodi Capablanca anadziwa bwanji kuti bambo ake asuntha hatchi molakwika?
2. N'chifukwa chiyani Bernstein ndi Nimzowitsch sanafune kuti iye asewere nawo ku San Sebastián? Nanga zinatha bwanji?
3. Fotokozani m'mawu anuanu mmene Capablanca ankasewerera.
4. Kodi Alekhine anakonzekera bwanji mpikisano wa mu 1927?
5. Lamulo la madola 10,000 linamupweteka bwanji mwini wake?
6. Inuyo mukuganiza kuti Alekhine analakwa posamupatsa Capablanca mwayi wobwereza? Perekani zifukwa ziwiri.

Ntchito ya kunyumba

Funsani amayi, abambo kapena agogo kuti akufotokozereni tanthauzo la mwambi wa phwiti ndi njiwa. Muwafunsenso masewera amene ankasewera ali ana, kaya ndi bawo, fulaye, phada kapena ena, ndi mmene anawaphunzirira. Lembani ziganizo 8 m'Chichewa, ndipo mudzatiwerengere sabata yamawa.